Kalata Yotseguka kwa Atsogoleri a Mayunivesite a Mipingo m'Malawi: Tiuzeni Kumene Ophunzira Anu Anafika

Olemekezeka Mabishopu, Abusa, Alembi Aakulu a Masinodi, mamembala a makhonsolo ndi akuluakulu nonse oyendetsa mayunivesite a mipingo m'dziko muno,

Ndikulemberani monga mkulu wa mpingo komanso monga kholo limene linalipirirapo ana fizi m'sukulu za mpingo, ndipo nkhani yanga ikukhudza momwe mumawerengera ndi kulengezera kupambana kwa ophunzira amene anadutsa m'manja mwanu. Chaka ndi chaka, nyengo yopereka madigiri ikafika, timamva pa wailesi ndi kuwerenga m'nyuzipepala kuti uje amene anaphunzira pa sukulu yathu tsopano ndi mkulu wa banki, uje ndi phungu wa ku Nyumba ya Malamulo, uje watenga digiri yachitatu ku Britain kapena ku America. Nkhani zoterezi n'zokondweretsa, ndipo palibe kholo limene lingadane nazo. Komatu mayina amenewa ndi a anthu owerengeka, pamene ovala mikanjo ndi kulandira mapepala awo chaka chilichonse ndi mazanamazana. Ndikupempha kuti muyambe kulondola unyinji wa ana amenewa ndi kutiuza mosabisa kumene anafika, ndiponso kuti muunikenso muyeso umene mumagwiritsa ntchito posankha munthu woti mumutche wopambana.

Nthawi yofunsa zimenezi yakwana chifukwa sukulu zanu zakula tsopano. African Bible College inatsegulidwa ku Lilongwe mu 1991. Sinodi ya Livingstonia inakhazikitsa yunivesite yake mu 2003, ndipo Mabishopu a Katolika anakhazikitsa yawo mu 2004, imene inalandira ophunzira oyamba ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, mu 2006. Mpingo wa Seventh-day Adventist uli ndi yunivesite ku Lakeview m'boma la Ntcheu pamodzi ndi sukulu ya zaumoyo ku Malamulo, pamalo pamene mpingowo unakhazikika mu 1902. Sinodi ya Nkhoma, Sinodi ya Blantyre ndi mpingo wa Assemblies of God nawonso ali ndi zawo. Ambiri mwa amene analandira madigiri oyamba m'sukulu zakale pakati pa zimenezi lero ndi abambo ndi amayi a zaka makumi anayi kapena kuposerapo, moti moyo wawo wa pantchito waoneka kale kumene walowera.

Tikumbukirenso chimene chinafikitsa makolo pakhomo panu. Kuyambira mu 1965 yunivesite ya boma inali University of Malawi yokha, mpaka pamene Mzuzu University inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana okhoza mayeso a Fomu 4 anachuluka m'zaka zotsatira kuposa malo amene boma likanatha kupereka, ndipo ndondomeko ya kota inasiyanso ena okhoza bwino ali pakhomo. Makolo anagulitsa fodya, chimanga, ng'ombe, ena mpaka minda, pokhulupirira kuti sukulu yokhala ndi dzina la mpingo siingawanamize. Munthu amene analipira motero ali ndi ufulu wodziwa chimene ndalama zake zinabala, kwa mwana wake yekha ndiponso kwa gulu lonse limene mwanayo anaphunzira nalo.

Kuti musayese kuti ndabwera ndi maganizo achilendo, tiyeni tibwerere ku mbiri ya mpingo womwe. Dr Robert Laws, mmishonale wa ku Scotland, ndi anzake anafika ku Cape Maclear mu 1875, anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako anakwera ku Khondowe mu 1894, kumene anayambitsa Overtoun Institution. Sukulu imeneyi inkaphunzitsa uphunzitsi, ubusa, zachipatala, ukalaliki, ukalipentala ndi kusindikiza mabuku, ndipo Laws ankalakalaka kuti tsiku lina idzasanduke yunivesite, zimene zinatheka patapita zaka zoposa 70 iye atachoka m'dziko muno mu 1927. Ndi sukulu zochepa m'chigawo chino cha Africa zimene zinatulutsa anthu ogwedeza mayiko monga inachitira Overtoun. Koma tikayang'ana mayina amene mbiri yasunga, tipeza kuti angapo mwa iwo sakanalowa pa mndandanda wa opambana umene amishonale a nthawiyo akanalemba.

Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira kufupi ndi Bandawe, anamaliza maphunziro a uphunzitsi ku Khondowe koma anaphunzitsa kanthawi kochepa chabe. Anasiya choko n'kulowera kummwera, anagwira ntchito za ukalaliki ku Southern Rhodesia, nafika ku Cape Town, kumene mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la Industrial and Commercial Workers' Union. Kumapeto kwa chaka chomwecho bungwelo linachititsa sitiraka ya ogwira ntchito padoko, ndipo pofika cha m'ma 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000, kuposa bungwe lina lililonse la anthu akuda ku South Africa pa nthawiyo. M'maso mwa woyang'anira masukulu a mishoni, munthu ameneyu akanaoneka ngati mphunzitsi wotayika amene anaphunzitsidwa ndi ndalama za mpingo n'kuthawa ntchito. Levi Mumba anali m'gulu la amene anayambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, ndipo mu 1944 anasankhidwa kukhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress, gulu limene linabala ndale zomenyera ufulu wa dziko lino. David Kaunda anatumidwa kukalalikira ndi kuphunzitsa ku Chinsali, pakati pa Abemba, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Anagwira ntchito kutali ndi kwawo, kopanda womutamanda, ndipo anamwalira mu 1932 mwana wake Kenneth ali ndi zaka 8, osadziwa kuti mwanayo adzatsogolera dziko la Zambia mu 1964.

Nkhani imene ikukhudzani kwambiri inu abusa ndi ya Charles Domingo ndi Yesaya Zerenji Mwasi. Domingo anali mmodzi wa ophunzira anzeru koposa ndiponso mmodzi wa oyamba kumaliza maphunziro a ubusa ku Overtoun, koma anadikira zaka ndi zaka osadzozedwa, mpaka mu 1908 anachoka n'kukagwira ntchito ndi mipingo ina. Abusa oyamba achikuda a ku Livingstonia anadzozedwa mu 1914, ndipo anali Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa. Mwasi nayenso anatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wake, chifukwa chosakhutira ndi momwe amishonale ankayang'anirira abusa achikuda. Lero nkhani ya Domingo ndi Mwasi ikuphunzitsidwa m'makalasi a mbiri ya mpingo m'mayunivesite anu omwe, ndipo ophunzira anu amalemba za iwo pofuna madigiri. Sukulu imene inawaphunzitsa siinathe kuwazindikira ali moyo, chifukwa muyeso wake unali kumvera ndi kukhala pamalo pamene waikidwa.

Ndiye ndikufunsani, olemekezeka, ngati muyeso wanu wa lero ungathe kuona Kadalie wa masiku ano. Pakati pa amene anaphunzira kwa inu pali otsogolera mabungwe a apantchito, atolankhani ofufuza za katangale, omenyera ufulu wa ana ndi amayi, komanso owerengera ndalama amene anachotsedwa ntchito chifukwa chokana kusayina pepala lachinyengo. Anthu oterewa saitanidwa kawirikawiri kudzayankhula pa tsiku lopereka madigiri, popeza amakhala atakangana ndi eni mphamvu, ndipo nthawi zina eni mphamvuwo ndiwo alendo olemekezeka a tsikulo. Amishonale ankayang'ana kumvera, ife tikuyang'ana udindo, galimoto ndi ulendo wa kunja. Miyeso iwiri yonseyi imaona munthu amene ali pafupi ndi mpando, n'kuphonya amene akugwira ntchito yolemera kutali ndi mpandowo.

Tiyambe ndi a zaumoyo, pakuti kumeneko ndi kumene mipingo yagwira ntchito yaikulu imene siilengezedwa mokwanira. Bungwe la Christian Health Association of Malawi, limene linakhazikitsidwa mu 1966, limayang'anira zipatala zimene zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Sukulu za mipingo za anamwino, azamba ndi madokotala othandizira zili ku Malamulo, Nkhoma, Ekwendeni, Malosa, Nguludi, Phalombe, Mulanje, Muona ndi Mzuzu, ndipo zina mwa izo zinalowa m'mayunivesite anu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene anamwino ankachoka ambiri kupita ku Britain ndipo Edzi inkapha ogwira ntchito m'zipatala momwe, boma ndi mabungwe othandiza anayambitsa ndondomeko yapadera mu 2004, imene inawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti ndi kuchulukitsa ophunzira m'sukulu zimenezi. Amene anaphunzira m'nyengo imeneyo ndiwo akuyendetsa mawodi ndi zipatala zazing'ono zambiri lero. Ndiwo analimbana ndi kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700, ndipo ndiwo analandira ovulala pamene namondwe Freddy anakumba mapiri ndi kukokolola midzi ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Nsanje mu Malichi 2023.

Moyo wa pantchito wa namwino uli ndi makwerero ake amene angathe kuwerengedwa ndi kulembedwa. Pali tsiku limene anakhoza mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi n'kulandira chiphaso. Pali zaka khumi zimene wakhala pa chipatala chimodzi cha kumudzi, kumene magetsi amathima ndipo ambulansi imafika mochedwa nyengo ya dzinja. Pali chaka chimene chinatha popanda mayi womwalira pobereka pa chipatala chakecho, ndiponso pali anamwino achichepere amene anaphunzira kugwira ntchito ali pambali pake. Zonsezi zili m'mabuku a zipatala, ndipo zipatala zambiri zoterezi ndi za mipingo yanu yomwe. Ngati mungathe kutiuza dzina la wophunzira wanu amene akuphunzitsa ku London, simungalephere kutiuza chiwerengero cha ophunzira anu amene akugwira ntchito ku Chitipa, ku Neno kapena ku Likoma, ndi zaka zimene akhalako.

Aphunzitsi nawonso ali chimodzimodzi. Sukulu za sekondale zoyendera, zimene tonse timazitcha ma CDSS, zinayamba ndi aphunzitsi ambiri amene anaphunzitsidwa za pulayimale, ndipo mayunivesite anu athandiza aphunzitsi otere kupeza madipuloma ndi madigiri. Mphunzitsi amene wabwerera ku CDSS yopanda labotale n'kutulutsa mwana woyamba wa sukuluyo wosankhidwa kupita ku yunivesite wachita chinthu chachikulu m'dera lake, ndipo anthu a m'deralo amamudziwa bwino. Yunivesite imene inamuphunzitsa ndi imene imamva nkhaniyo pomaliza, ngati imamva n'komwe.

Tsopano ndinene za amene satchulidwa konse, amene ali ndi digiri koma ntchito alibe. Tonse tikuwaona m'mabanja mwathu ndi m'mipingo mwathu. Aphunzitsi ndi anamwino amamaliza maphunziro n'kudikira zaka boma lisanawalembe ntchito, pamene makalasi ndi mawodi akusowa anthu. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makampani anavutika kulemba anthu atsopano, ndipo kumapeto kwa 2023 komweko achinyamata anayamba kukwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Ena ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, akugwira ntchito zosagwirizana ndi zimene anaphunzira. Ena anatsegula timashopu ta Airtel Money ndi Mpamba, ena akuweta nkhuku, ena akulima soya ndi mtedza, ndipo pakati pawo alipo amene akulemba anzawo ntchito. Palibe chochititsa manyazi pamenepa, ndipo sindikunena kuti yunivesite ndi imene inagwetsa kwacha. Chimene ndikunena n'chakuti kholo la ku Kasungu limene likusankhira mwana maphunziro liyenera kudziwa kuti mwa amene anatenga digiri yakuti zaka zitatu zapitazo, angati ali pantchito, angati ali pa bizinesi yawo, angati akungokhala. Popanda chidziwitso chimenechi, makolo amasankha potengera chithunzi chokongola cha pa chikwangwani, ndipo inu eni mumapitiriza kulandira ophunzira ambiri m'maphunziro amene msika wake unadzaza kale, chifukwa ndi osavuta kuphunzitsa ndiponso amabweretsa fizi.

Pali nkhani inanso imene dzina lakuti yunivesite ya Chikhristu limakukakamizani kuyankha. M'malonjezo anu mumalemba kuti mumatulutsa anthu oopa Mulungu ndi okhulupirika, ndipo ichi ndi chimene mumati chimakusiyanitsani ndi mayunivesite a boma. Dziko lino, limene anthu ambiri ndi opemphera, linaona mu 2013 momwe mabiliyoni a ndalama za boma anatulukira ku Capital Hill kudzera m'macheke olipira ntchito zimene sizinagwiridwe, nkhani imene tonse timaitcha Cashgate. Kuba kotereku kumafuna anthu odziwa makompyuta, odziwa mabuku a ndalama ndi odziwa malamulo, kutanthauza anthu ophunzira. Sindikuloza chala sukulu iliyonse, koma ndikuti yunivesite imene imadzitama ndi khalidwe iyenera kukhala ndi njira yodziwira ngati khalidwelo limatuluka nawo ophunzira pachipata. Mungathe kufunsa olemba ntchito, mungathe kufunsa mabungwe opereka ziphaso amene amaweruza milandu ya anamwino, maloya ndi owerengera ndalama, mungathenso kufunsa ophunzirawo eni za mayesero amene anakumana nawo m'chaka chawo choyamba pantchito. Mayankho awo ayenera kubwerera m'kalasi. Phunziro la khalidwe limene limangokamba za mavesi, osakamba za zimene kalaliki wachichepere angachite bwana wake akamuuza kuti asinthe deti pa lisiti, silinamalize ntchito yake.

Mabishopu a Katolika atalemba kalata yawo ya pa 8 Malichi 1992, imene inatsegula njira ya referendamu ya pa 14 Juni 1993, anaonetsa kuti mpingo ungathe kunena zoona zowawa kwa olamulira. Kulimba mtima komweko kukufunika posankha anthu owalemekeza. Ndikupempha kuti madigiri aulemu asamapite kwa andale amene akadali pampando kapena kwa achuma amene angomanga kumene holo pa sukulu, chifukwa wophunzira amene wakhala pansi pa tenti tsiku limenelo amaphunzirapo kuti ulemu umatsata mphamvu ndi ndalama. Ulemu umenewu ukanapita kwa mzamba wopuma ntchito, kapena kwa woweruza milandu amene dera lonse limachitira umboni kuti sanalandirepo chiphuphu, ukanaphunzitsa ana athu koposa ulaliki wa tsikulo.

Njira yochitira zimene ndikupemphazi si yovuta. Wophunzira aliyense asanavale mkanjo asiye nambala ya foni ndi dzina la mpingo kapena mudzi wa kwawo, ndipo avomereze mwa kufuna kwake kuti sukulu idzamufunse za moyo wake. Pakatha chaka chimodzi, zaka zitatu ndi zaka khumi, afunsidwe ngati ali pantchito, ngati ntchitoyo ikugwirizana ndi maphunziro ake, miyezi imene anadikira asanaipeze, boma kapena dziko limene akukhala, ndiponso ngati walembapo ena ntchito. Zotsatira zake zisindikizidwe popanda mayina, phunziro lililonse palokha, ndipo munene poyera kuti mwa ofunsidwa angati anayankha, chifukwa amene zinthu zikuwayendera ndiwo amafulumira kuyankha ndipo lipoti lobisa chiwerengero chimenechi limakometsera zinthu. Muphatikizepo momwe ophunzira anu amakhozera mayeso a mabungwe akunja kwa sukulu, monga Medical Council of Malawi, Nurses and Midwives Council of Malawi, Institute of Chartered Accountants in Malawi ndi Malawi Institute of Legal Education, pakuti mayeso amenewa sachongedwa ndi aphunzitsi anu ndipo amaonetsa kulemera kwenikweni kwa digiri yanu.

Pa ntchito imeneyi muli ndi mwayi umene mayunivesite a boma alibe. Mpingo uli m'mudzi uliwonse, uli ndi alembi a mipingo, akatekisiti, miphakati, Mvano, Umanyano, Dorika ndi magulu a achinyamata. Mpingo umene umasunga mabuku a ubatizo a zaka zoposa 100, ndipo umadziwa Mkhristu amene wasamuka ndi kalata kuchoka ku Dedza kupita ku Ndirande, sungalephere kudziwa kumene ophunzira ake anapita. Masiku ano magulu a WhatsApp a anthu amene anaphunzira limodzi alipo kale, ndipo amadziwana za maukwati, maliro ndi kukwezedwa pantchito. Chosowa ndi ofesi ya pa yunivesite imene ili ndi munthu wolipidwa kuti asonkhanitse zimenezi, osati kungokumbukira ophunzira akale pa nthawi yopempha thandizo lomangira mpanda.

Ndikupemphani kuti musamale kwambiri za ophunzira aakazi, chifukwa iwo ndiwo amasowa msanga m'kaundula. Mtsikana amalembetsa ndi dzina la bambo ake, amakwatiwa n'kutenga dzina la mwamuna wake, nthawi zina amasiya ntchito potsatira mwamunayo kumene wasamutsidwira, ndipo pakatha zaka zisanu sukulu siingamupezenso. Kaundula wabwino ayenera kusunga mayina onse awiri. Ayeneranso kutiuza ngati amayi amadikira ntchito nthawi yaitali kuposa abambo a digiri yofanana, ndi ngati amakwezedwa mofanana, kuyambira m'masukulu, m'zipatala ndi m'maofesi a mipingo yanu yomwe, kumene simungaloze chala boma.

Kubweza ngongole ya maphunziro nakonso kuwerengedwe ngati chipambano. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa mu 2015, lakhala likudandaula kuti ambiri amene anakongola sabweza, ndipo ndalama zosabwezedwazo ndi zimene zikanaphunzitsa ang'ono awo. Yunivesite ya Chikhristu imene ingaimirire n'kunena kuti ophunzira ake amene ali pantchito amabweza ngongole kuposa ena onse idzakhala itapereka umboni wa khalidwe umene munthu aliyense angathe kuufufuza.

Ndikudziwa zimene ena a inu mudzayankhe. Mudzati ndalama palibe, aphunzitsi akulandira mochedwa, ndipo kafukufuku wotere ndi katundu wowonjezera. Mudzatinso mayunivesite akupikisana polimbirana ophunzira, moti amene ayambe kusindikiza ziwerengero zosakoma adzathawitsa makolo kupita kwa mnzake amene wakhala chete. Dandaulo lachiwirili ndi lomveka, ndipo n'chifukwa chake kalatayi ndalembera nonse pamodzi. Mipingo inatha kugwirizana pa zaumoyo n'kupanga bungwe limodzi, inathanso kukhala pamodzi mu Public Affairs Committee pa nthawi yovuta ya 1992. Mungathe kugwirizana pa mafunso amodzi ndi tsiku limodzi lotulutsira malipoti, kuti pasakhale wopusitsa mnzake. Mungathenso kupempha National Council for Higher Education, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, kuti iziitanitsa malipoti otere kwa mayunivesite onse, a boma ndi oima paokha, pa nthawi yovomereza maphunziro awo. Bungwe limeneli linachenjezapo kale anthu za maphunziro osavomerezeka, ndipo amene anavutika koposa anali ophunzira amene anazindikira mochedwa kuti mapepala awo sakulandiridwa ndi olemba ntchito. Pa za ndalama, yerekezani mtengo wa ofesi yaing'ono imodzi ndi zimene mumawononga pa mwambo umodzi wopereka madigiri, ndi matenti, zokuzira mawu, zakudya za alendo ndi malonda a m'nyuzipepala.

Pomwe mukusonkhanitsa ziwerengero, sunganinso nkhani za anthuwo. Munthu wofuna kulemba za ophunzira a Overtoun lero amapita ku National Archives ku Zomba ndi ku Stone House ku Livingstonia, koma makalata ambiri a mishoni amakawapeza ku National Library of Scotland ku Edinburgh, chifukwa amishonale ankalemba ndi kutumiza kwawo. Ngati mayunivesite anu sayamba lero kujambula mawu a ophunzira awo oyamba ndi kusunga mapepala awo, adzukulu athu adzadziwa zambiri za ophunzira a 1900 kuposa za ophunzira a 2010. Ntchito imeneyi ingapatsidwe kwa ophunzira a mbiri ndi a utolankhani monga gawo la maphunziro awo, ndipo ena mwa anthu ofunsidwawo adzakhala okonzeka kulandira achinyamata anu kuti aphunzire ntchito m'maofesi, m'minda ndi m'zipatala zawo.

Malipoti amenewa asathere m'Chingerezi chokha kapena pa intaneti pokha. Amene amapereka chopereka cha Lamulungu la maphunziro ndi amene amagulitsa zokolola kuti alipire fizi ambiri amawerenga Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chitonga, ndipo amamvera wailesi. Mipingo ili ndi mawailesi ake, monga Radio Maria, Radio ABC, Voice of Livingstonia ndi ena, ilinso ndi maguwa amene amalengeza zonse za mpingo sabata ndi sabata. Ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa ndondomeko ya zokambirana za msonkhano wotsatira wa sinodi iliyonse, wa Mabishopu ndi wa khonsolo ya yunivesite iliyonse, kuti pasankhidwe munthu woyankha za ntchitoyi amene dzina lake lidziwike kwa makolo, ndiponso kuti lipoti loyamba, la amene anamaliza maphunziro zaka zitatu zapitazo, lidzawerengedwe m'mipingo mwambo wotsatira wopereka madigiri usanachitike.

Ine wanu mu utumiki,
Mkulu wa mpingo ndi kholo